Momwe mungalembere nkhani yaifupi ya munthu amene maso ake amunamiza

Pa nkhani zazifupi zimene olemba ongoyamba kumene amathamangira kulemba, pali imodzi imene imabwera mobwerezabwereza. Mkulu wina wovala malaya ong'ambika ndi nsapato za matayala amalowa mu ofesi, kalaliki amamukalipira n'kumuuza kuti akadikire panja, ndipo patapita kanthawi zimadziwika kuti mkuluyo ndiye mwini kampani yonse. Kalaliki uja amagwada kupempha chikhululuko, ntchito imamuthera, wolemba n'kutseka nkhani yake ndi mwambi. Mutu umene nkhani yotereyi ikufuna kugwira ndi wofunika, pakuti kuweruza anzathu ndi maso, ndiponso kudziyesa tokha anthu amene sitili, ndi zinthu zimene timachita tsiku ndi tsiku. Chimene chimavuta ndi kamangidwe kake. Wowerenga amadziwiratu mathero asanamalize ndime yoyamba, ndipo choipa kuposa pamenepo n'chakuti nkhaniyo imamuphunzitsa kulemekeza wansanza poopa kuti mwina ndi wolemera, zomwe zikutanthauza kuti wansanza amene alidi mmphawi angathe kunyozedwa popanda mlandu.

Malangizo amene ndikupereka pano atsamira pa mfundo imodzi, yakuti mwini nkhani ya mtundu umenewu ndi munthu woweruzayo, ndipo chobisika chimene chiyenera kuululika pamapeto chili mwa iyeyo. Kuti tisalankhule za m'malere, tiyenda ndi chitsanzo chimodzi chopeka kuyambira pachiyambi mpaka pamathero: mayi wina akukwera minibasi ku Lilongwe kupita ku Dedza, ndipo pambali pake pakhala mnyamata amene maonekedwe ake sakumusangalatsa.

Yambani ndi woweruzayo

Musanalembe chiganizo choyamba, mudziweni mpangankhani amene adzalakwitseyo mpaka mufike pomukonda. Wathu akhale mayi wa zaka zopitirira 55, mphunzitsi wa ku pulayimale wopuma pantchito, amenenso ndi mmodzi wa atsogoleri a amayi a Mvano pampingo pawo. Lachinayi lililonse amavala bulauzi yoyera ndi mpango woyera kupita kumsonkhano wa amayi, ndipo kawirikawiri gulu lawo limapita kuchipatala kukazonda odwala litanyamula ufa, sopo ndi shuga. Mayiyu amadziona kuti ndi munthu wachifundo wosayang'ana nkhope, ndipo umboni wake ulipo, chifukwa analera ana amasiye awiri a mchemwali wake ndipo palibe maliro a m'dera lawo amene iye sakagonako. Musamulande ubwino umenewu. Mukamupanga kukhala wankhanza ndi wodzikuza kuyambira pachiyambi, wowerenga aima patali n'kumati munthu wotere si iye, ndipo nkhani yanu siimukhudza.

Papepala lapadera lembani zinthu ziwiri zimene sizidzalowa m'nkhani: zimene mayiyu amanena za iye mwini pamene zinthu zili bwino, ndi zimene amachita akagwidwa ndi mantha pakati pa anthu osamudziwa. Nkhani yanu yonse ikhala pampata umene uli pakati pa ziwirizi. Kenaka apatseni manthawo gwero lomveka. Chaka chatha mbava zinamung'ambira chikwama ndi lezala m'depoti, ndipo lero wanyamula ndalama za banki m'khonde ya amayi anzake, ndalama zimene si zake. Wowerenga akadziwa zimenezi, kusamala kwa mayiyu amuvomereza, ndipo iyenso ayamba kumuyang'ana mnyamata uja ndi diso lomwelo. Apa ndiye pagona ntchito yonse, chifukwa wowerenga amene sanalakwitse limodzi ndi mpangankhani sadzamva kanthu choonadi chikadzatuluka.

Sankhani maonekedwe amene anthu amaweruza nawodi

Maonekedwe alibe tanthauzo limodzi nthawi zonse ndi malo onse, choncho wolemba ayenera kudziwa chaka ndi dera la nkhani yake asanasankhe chimene chidzanamize maso a mpangankhani. Kuyambira mu 1973 mpaka mu 1993, lamulo la kavalidwe m'Malawi linkaletsa amayi kuvala buluku ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Mtsikana wa buluku m'nkhani ya mu 1985 ndi munthu wophwanya lamulo, pamene wa m'nkhani ya masiku ano angakhale akungopita kuntchito. Komabe maganizo a anthu satha tsiku limene lamulo lathetsedwa, monga tinaonera mu Januwale 2012 pamene mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi amene anavala mabuluku ndi masiketi aafupi. Wolemba amene akuzidziwa zimenezi angathe kuika m'nkhani imodzi gogo amene anakula ndi lamulo lija ndi mdzukulu amene sanalionepo, aliyense n'kumawerenga chovala chomwecho mwanjira yake.

Thupi nalonso lili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1990, munthu akangoyamba kuonda anthu ankanong'onezana za kaliwondewonde, ngakhale kuti kuondako kukanatha kukhala kwa njala, kwa matenda a shuga kapena kwa nkhawa. Boma litayamba kupereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo mu 2004, anthu ambiri amene ali ndi kachilombo ka HIV anabwezeretsa matupi awo, ndipo diso limene linkadziyesa lodziwa kuyeza matenda linatsala lopanda pogwira. Pa nkhani ya chuma, kaunjika anachititsa kuti suti yooneka yamtengo wapatali ipezeke pathupi la munthu amene sanadye m'mawa, pamene mlimi amene wangogulitsa mabelo ake a fodya ku okushoni ya ku Kanengo angathe kuyenda m'tauni atavala jekete yakale ndi nsapato zafumbi. Zonsezi ndi nkhokwe ya wolemba, ndipo n'zamphamvu kuposa nsanza za bwana wobisala chifukwa owerenga anu anaziona ndi maso awo, enanso anaweruzidwapo nazo.

Mnyamata wa m'chitsanzo chathu timupatsa madiredi. Tsitsi limeneli lakhala likuweruzidwa kwa nthawi yaitali, moti zinatengera bwalo lalikulu la milandu ku Zomba, m'chigamulo cha mu Meyi 2023, kulamula kuti ana achirasta aloledwe m'sukulu za boma osametedwa. Mayi wathu anaphunzitsa zaka zonse zimene mwana wa tsitsi lotere ankabwezedwa pakhomo la kalasi, ndiye n'zosadabwitsa kuti akaona madiredi maganizo ake amathamangira ku chamba ndi ulova.

Pano ndichenjezepo za chinthu chimodzi chimene chimandipweteka ndikachiona m'zolemba. Ulumali, chialubino, ukalamba ndi matenda a maganizo si zida zodzidzimutsira owerenga. Anthu aphedwa m'dziko muno chifukwa cha khungu lawo, ndipo agogo ena aphedwa poganiziridwa ufiti. Mukasankha kulemba za munthu wotere, mupatseni zofuna zake, mkwiyo wake ndi zolakwa zake, kuti akhale munthu wathunthu m'nkhaniyo.

Chizindikiro chilichonse chikhale ndi matanthauzo awiri

Luso lalikulu la nkhani yotereyi ndi kusanamiza wowerenga ngakhale kamodzi, koma n'kumusiya kuti adzinamize yekha. Njira yake ndi iyi: lembani kaye choonadi chonse cha munthu woweruzidwayo, kenaka fufuzani zizindikiro zimene choonadicho chimasiya pathupi ndi pamachitidwe, ndipo musankhe zokhazo zimene zingathe kumvedwa mwanjira ina. Mnyamata wathu wakhala sabata zitatu kuchipatala akudikirira mayi ake odwala, akugona pansi ndi kuphikira pamafuwa kumalo a magadiyani. Mayi akewo amwalira m'bandakucha, thupi lili kunyumba yachisoni, ndipo iye akupita kumudzi kukaonana ndi malume ake za bokosi ndi galimoto. Munthu wotere maso ake amakhala ofiira, zovala zake zimanunkha utsi, akafunsidwa sayankha msanga, ndipo katundu amene wanyamula amamugwira ngati wina amulanda. Ndime yake ingalembedwe chonchi:

Mnyamatayo anakwera minibasi itatsala pang'ono kunyamuka, nadzipanikiza pampando umene mayiyo anakhala. Maso ake anali psuu, ndipo jekete yake inkanunkha utsi. Anaika phukusi pamiyendo naligwira ndi manja onse awiri. Kondakitala atamufunsa kumene akutsikira, sanayankhe mpaka anachita kumugwedeza paphewa. Mayiyo anasuntha chikwama chake n'kuchiika mbali ya kuwindo.

M'ndime imeneyi mulibe liwu labodza, komanso mulibe liwu limene likunena kuti mnyamatayo ndi wachamba kapena mbava. Wowerenga amalumikiza yekha maso ofiira, utsi ndi kusayankha, ndipo kusuntha kwa chikwama kumamutsimikizira kuti waganiza bwino. Chimene muyenera kupewa ndi mawu oweruziratu ochokera kwa wofotokoza nkhani, monga kulemba kuti mnyamatayo anayang'ana chikwamacho mwaumbava kapena anamwetulira mwachinyengo. Mukatero mwanena bodza ndi pakamwa panu, ndipo wowerenga akadzafika pamathero adzamva kuti mwamubera. Wofotokoza nkhani anene zimene diso laona, khutu lamva ndi mphuno yanunkhiza. Tanthauzo lake lichokere m'mutu mwa mpangankhani, ndipo zionekere kuti ndi maganizo ake.

Zizindikiro zitatu kapena zinayi n'zokwanira. Pakati pa zimenezi ikanipo chimodzi chimene sichikugwirizana ndi chigamulo cha mayiyo, koma chimene iye achinyalanyaza. Phukusi la mnyamatayo lakulungidwa m'chitenje, ndipo pamene minibasi yagwa m'dzenje pafupi ndi Nathenje, m'katimo mukumveka kulira kwa poto ndi mbale. Mayiyo angaganize kuti ndi katundu wakuba, koma wowerenga watcheru asunga kaphokosoko mumtima.

Gwiritsani ntchito zida zimene Chichewa chili nazo

Chilankhulo chathu chimaonetsa msanga mmene munthu akumuonera mnzake, ndipo wolemba amene sagwiritsa ntchito mwayi umenewu amataya chida chakuthwa. Kusiyana kwa "iwe" ndi "inu" kumanyamula chigamulo chonse popanda kufotokoza. Mayi amene kumpingo amatchula aliyense kuti "bambo" kapena "achimwene" akatembenukira kwa mnyamata wamkulu ndithu n'kunena kuti, "Iwe, tasendera uko, ukundipanikiza," wowerenga wamva kale pamene wamuika. Mnyamatayo akayankha kuti, "Pepani amayi," n'kudzipinda kuti awapatse malo, ulemu wake umakhala chizindikiro china chimene mayiyo sakuchiwerengera.

Chimodzimodzinso mphatikiram'mbuyo za "ka" ndi "chi". M'maganizo a mayiyo, munthu yemweyo angayambe ali "mnyamata", n'kusanduka "chimnyamata" mantha akakula, kapena "kamnyamata" kunyoza kukalowa, ndipo pamapeto angakhale "mwana wa munthu". Musaloze kusinthaku ndi chala. Kusiyeni kuchitike m'ziganizo, chifukwa khutu la wolankhula Chichewa limakumva lokha. Mawu ofotokoza mamvekedwe ndi maonekedwe monga "psuu", "zii", "ndwii" ndi "gwa" amathandizanso, pakuti amajambula chimene chaoneka popanda kunena chifukwa chake. Kulemba kuti mnyamatayo anangoti ndwii kuyang'ana kutsogolo kumalola kuti akhale woledzera kapena wachisoni, ndipo n'zimene mukufuna.

Pa nkhani ya amene akufotokoza, njira ziwiri zimagwira bwino. Mungalole mayiyo kusimba yekha ndi "ine", ndipo ubwino wake ndi wakuti kudzilungamitsa kwake kumamveka m'mawu ake enieni, koma muyenera kusankha ngati akusimba atadziwa kale choonadi, chifukwa ngati akudziwa ndiye kuti akubisira wowerenga mwadala. Njira imene ine ndimaikonda ndi ya wofotokoza wapambali amene amamatirira pa mayiyo, osalowa m'mutu mwa mnyamatayo ngakhale pachiganizo chimodzi. Mukangolowamo, chinsinsi chatha.

Pampondachimera pakhale pachete

Choonadi chituluke kudzera m'chinthu chogwirika kapena m'mawu ochepa kwambiri. Olemba ambiri amafika apa n'kupatsa woweruzidwayo ndime yonse yoti afotokoze mbiri ya moyo wake ndi kudzudzula amene amunyoza, pamene munthu amene mayi ake amwalira m'bandakucha alibe mphamvu zolalikira m'minibasi. M'chitsanzo chathu, kondakitala ayamba kutolera ndalama, mnyamatayo amasula mfundo ya phukusi kuti atenge zake, ndipo mayiyo aona kapoto kakuda ndi mwaye, mbale ziwiri zapulasitiki, kabuku ka kuchipatala ndi patapata wachizimayi wotha kuchidendene. Pamenepo afunsa, ndipo kwa nthawi yoyamba agwiritsa ntchito mawu aulemu.

"Odwalawo ndi amayi anu?"

"Anali amayi anga."

Kusintha kwa "ndi" kukhala "anali" kwanena za imfa yonse, ndipo simufunika kuwonjezera misozi kapena kufotokoza. Onaninso kuti mnyamatayu sanasanduke mwana wa nduna, dokotala kapena mngelo. Akadali wa madiredi, mwina ndi lova, mwinanso chamba amasutadi masiku ena, ndipo nkhaniyo siyenera kumutsuka. Ndinalembapo nkhani yofanana ndi imeneyi m'mene woganiziridwayo anatola chikwama chotayika n'kuchibweza ndalama zili zonse, ndipo nditaiwerenganso patapita miyezi ndinaona kuti ndinamukakamiza kugula ulemu ndi ntchito yabwino, ngati kuti akanapanda kutola chikwamacho kunyozedwa kwake kukanakhala koyenera. Ndinachotsa chikwamacho, ndipo nkhaniyo inalimba.

Tsopano pabwere kuululika kwachiwiri, kumene kuli cholinga cha nkhani yonse. Fungo la utsi lija mayiyo amalidziwa. Walinunkhiza kambirimbiri kumalo a magadiyani pamene amayi a Mvano amakagawa ufa ndi sopo, ndipo maso ofiira a anthu osagona wawaona n'kuwapempherera. Nzeru zoti amuzindikire mnyamatayu anali nazo zonse, koma zinagwira ntchito pokhapokha iye atavala zoyera, ali pakati pa anzake, akupereka. Ali yekha ndi chikwama cha ndalama, zinazimirira. Zimenezi musazilembe monga ndazilembera pano. Chiganizo chimodzi chonena kuti fungolo analikumbukira kumene analimva n'chokwanira, bola ngati kumayambiriro munaonetsa kale maulendo ake a kuchipatala.

Pamene mpangankhani akudzichepsa yekha

Kudziweruza molakwa kumapitanso mbali inayo, ndipo nkhani zake n'zosowa. Bambo wobwera kuchokera ku Johannesburg wopanda kanthu angabwereke jekete ndi foni kuti kumudzi asamuseke, osadziwa kuti mkazi wake anazindikira zonse tsiku loyamba ndipo akungosangalala kuti wabwera wamoyo. Mayi wochokera kumudzi angakhale pakona paukwati wa mwana wake m'tauni, akukhulupirira kuti anthu akuseka chitenje chake, pamene akumuyang'ana chifukwa mkwati wafanana naye. Kamangidwe kake ndi komweko: manyaziwo akhale ndi gwero lomveka, zizindikiro zikhale ndi matanthauzo awiri, ndipo wofotokoza asaname.

Mathero ndi kukonza

Nthano za agogo zimatha ndi phunziro, ndipo m'kalasi timazolowera kufunsidwa phunziro limene tapeza m'nkhani, choncho dzanja la wolemba limayabwa kuti litseke ndi mwambi wakuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Dziletseni. Ngati mwambi mukuufuna, uikeni koyambirira m'kamwa mwa mpangankhani amene akulakwitsayo, awunene ndi mtima wonse akulangiza wina, kuti wowerenga adzaukumbukire yekha pambuyo pake. Nkhani ithere pa chochitika. Mnyamata wathu atsika pa Kamphata atakumbatira phukusi lake, mayiyo alowetsa dzanja m'chikwama kufuna kupereka chipepeso, koma ndalama zili m'menemo ndi za gulu, kondakitala wamenya kale chitseko, ndipo minibasi inyamuka dzanja likadali m'chikwamamo. Mukamulola kupereka ndalamazo n'kulandira zikomo, mwamubwezera chithunzi chake chakale mosavuta, ndipo zonse zimene mwamanga zagwa.

Mukamaliza kulemba, isiyeni nkhaniyo masiku angapo, kenaka muiwerenge kawiri. Ulendo woyamba werengani ngati munthu wosadziwa kanthu, n'kumaona ngati chigamulo cholakwacho chikukukokani. Ulendo wachiwiri werengani mukudziwa choonadi, mutagwira cholembera, ndipo pa chizindikiro chilichonse mudzifunse ngati munthu amene wangotaya mayi ake angachitedi zimenezo. Chizindikiro chimene chikugwira ntchito ulendo woyamba wokha ndi msampha wachinyengo, ndipo chiyenera kuchoka ngakhale chitakhala chiganizo chimene mumachikonda. Chotsaninso ampangankhani owonjezera. Nkhani ya mawu pakati pa 1,000 ndi 2,000 imakwana anthu awiri kapena atatu, malo amodzi ndi nthawi yochepa, monga ulendo wa pakati pa depoti ya Lilongwe ndi Kamphata.

Pomaliza ipatseni anthu awiri amene simunawauzepo za nkhaniyi, mmodzi wamkulu ndi wina wachinyamata, ndipo muwapemphe kuti aike chizindikiro pamzere umene anayamba kukayikira kuti mayiyo akulakwitsa. Ngati onse aika pandime yoyamba, mantha a mayiyo simunawapatse gwero lokwanira, kapena mnyamatayo mwamukometsera msanga. Ngati onse anena kuti mathero awadzidzimutsa ndipo sanaone chilichonse cholozera kumeneko, bwererani pafupi ndi Nathenje mukakweze pang'ono kulira kwa poto ndi mbale m'phukusi lija. Malo abwino oti chizindikiro chawo chikhale ndi mizere yochepa chabe mnyamatayo asanamasule mfundo.